Chibakera Chopanda Phokoso

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku limene Latifu analowa m'holo yochitira zisudzo ku Balaka, Anti Clementina anakondwa mpaka kuvinako pang'ono, ndipo mwa onse amene anali mmenemo ndi mtsikana Kulusumu yekha amene sanakondwe nawo.

Anti Clementina ndiwo anali mkulu wa gulu la zisudzolo, mayi wa mawu aakulu ndi mtima wabwino, koma wosachedwa kutengeka. Sewero lawo latsopano linali ndi ndewu pakati pake, ndipo mnyamata amene ankaponya chibakera pa ndewuyo anali atangolowera ku Joni osatsanzika. Ndiye taganizani, pakhomo paima mnyamata wamtali, wa mapewa odzadza chitseko, wa lamba wakuda wa karate wodziwika mpaka ku Liwonde, akunena mwaulemu kuti, "Ndamva kuti mukusowa womenya." Mayi wa anthu akanatani?

Chimene Anti sankadziwa n'chakuti Latifu sanadzere sewero. Kulusumu kwawo kunali ku Chiuta, koma ku Balaka ankakhala kwa amalume ake, Che Zubairu, ogulitsa nsomba zouma. Makolo a Latifu anali atafika kale kwa Che Zubairu kudzagogoda, kumufunsira mwana wawo ukwati wa Kulusumu, ndipo amalumewo anawalandira ndi manja awiri. Kulusumu sanavomere, sanakanenso. Ankangoti nkhaniyo idikire amayi ake abwere kuchokera kunyanja. Chifukwa chenicheni cha kudikirako chinali chitakhala pa benchi m'holo momwemo, chikumanga zingwe za nsapato. Dzina lake Yoram, mwana wa Akatolika wa ku Nkaya, woonda, wanthabwala, amene Kulusumu ankamukonda mwakuti akangomva kutsokomola kwake panja ankaiwala mawu ake a m'sewero.

Awiriwo anali atapangana kuti pasapezeke wodziwa kufikira amayi a Kulusumu atafika, pakuti ndi mayiwo okha amene akanatha kufewetsa mtima wa mlongo wawo. Che Zubairu akanati amve nkhaniyi kuchokera kwina, chotsatira chinali chodziwikiratu. Akanamukweza Kulusumu sitima ya ku Nayuchi kubwerera kwawo, shehe n'kumanga ukwati wake ndi Latifu mwezi usanathe.

* * *

M'seweromo Yoram anali Ambrose, chidakwa chovutitsa akazi a eni pa mjigo. Kulusumu anali Emmie, mkazi wovutitsidwayo. Mwamuna wa Emmie amatulukira, n'kumutchaya Ambrose chibakera chimodzi, Ambrose n'kugwa. Pamenepo Emmie amayenera kuseka, kululutira, kugwira mwamuna wake pamkono n'kumapita. Malo a mwamunayo ndi amene Latifu anadzatenga.

"Bwerani ndikuonetseni, achimwene," anatero Yoram akudzuka pa benchi paja. "Ndewu ya pa siteji ili ndi malamulo ake. Choyamba tiyang'anane m'maso. Musaponye tisanayang'anane. Kenaka mukokere mkono m'mbuyo, kwambiri ndithu, kuti ngakhale amene waima kumapeto aone kuti chibakera chikubwera. Chikamabwera chidutse apa." Anaimika chikhatho pafupi ndi chibwano chake. "Mpata wa chikhatho chonse. Zotsalazo n'zanga. Ine nditembenuza mutu, ndidzimenya pachifuwa ndi dzanja ili limene anthu sakuliona, phaa, ndiye n'kugwa."

"Ndiye kuti mumadzimenya nokha?" anafunsa Latifu.

"Eya. Kuno womenyedwa ndiye mwini ndewu. Womenya amangoperekeza."

Latifu anamwetulira, kumwetulira kwa pakamwa pokha. "Kwathu n'zosiyana. Aphunzitsi anga akaona phewa lako likusuntha usanaponye, amakugwetsa pomwepo. Kukokera mkono m'mbuyo n'kumuuza mdani kuti konzeka. Ndipo sitiyang'ana chibwano iyayi. Timayang'ana kuseri kwa mutu, kumene chibakera chikathere."

"Kuno chikathere mu mpweya," anatero Yoram akuseka.

Anayesa. Palibe amene anaona chimene chinachitika. Yoram anangophethira, chibakera chili chiimire pa nsonga ya mphuno yake, osagwedera. Anaiwala n'kudzimenya komwe.

"Mwamenya kale?" anafunsa Anti Clementina akusuzumira. "Ine sindinaone kanthu. Achimwene, pano sitifuna ndewu yabwino, tifuna ndewu yooneka. Chedwetsani dzanjalo."

Latifu anapepesa, nayambiranso. Tisamunamizire, mnyamatayo anali ndi mutu wogwira zinthu. Dzuwa lisanapendeke anali akukokera mkono m'mbuyo ngati munthu wobadwira pa siteji, chibakera chikudutsa patali, Yoram akugwa mochititsa kaso, anzawo akuwomba m'manja. Koma Kulusumu ankaima kumbuyo kwa awiriwo, malo okhawo amene dzanja lobisika la Yoram linkaoneka. Latifu akakweza mkono, iye mpweya unkamuthera. Ankayang'ana dzanja lija, osapuma, kufikira atamva phaa wa pachifuwa. Akamva phokosolo m'pamene ankadziwa kuti munthu wake ali bwino, ndipo m'pamene kuseka kwa Emmie kunkatheka.

* * *

Mawa lake masana Kulusumu anatumiza uthenga pa foni: "Ufike msanga. Pa mlambe wa kuseri kwa holo."

Yoram anafika akutafuna chinangwa chootcha, ngati munthu wopanda mlandu padziko.

"Uwauze Anti achotse ndewuyo," anatero Kulusumu asanamupatse n'moni womwe.

"Ndewuyo ndiye sewero. Ukaichotsa anthu adzaonera chiyani, mjigo?"

"Ndiye musinthane. Iwe ukhale womenya."

"Ine kumenya chimphona chija? Anthu adzaseka polakwika." Yoram anamupatsa chinangwa, iye anakana. "Kulu, wachita mantha ndi chiyani? Munthuyo waphunzira. Dzulo sanandikhudze ngakhale tsitsi."

"Sanakukhudze chifukwa sanafune. Iwe umapereka chibwano chako kwa munthu amene wakhala zaka akuphunzitsa dzanja lake kusaphonya. Ukamatembenuza mutu muja umatsinzina, ukudziwa? Ine ndimakuona."

"Ntchito yake ndi yomweyo. Pa siteji ukapanda kukhulupirira mnzako, palibe chimene mungachite. Ine ndikayamba kumuzemba, ndewu ioneka yabodza, ndipo iye adzafunsa kuti ndikumuopa chifukwa chiyani. Ukufuna afunse?"

Mfundo ya Yoram inali yoona, ndipo n'chifukwa chake inamukwiyitsa Kulusumu.

"Akudziwa kanthu?" anafunsa Yoram, tsopano mawu atatsika.

"Sindikudziwa. Salankhula. Amangoyang'ana."

"Ndiye nafenso tisalankhule. Amayi akubwera liti?"

"Akuti akamaliza kuyanika nsomba zimene ali nazo."

"Basi, kwatsala pang'ono. Loweruka tikasewera ku Nkaya, kwathu. Undilonjeze chinthu chimodzi. Ndikagwa, useke. Useke kwambiri, mano onse panja, ngati amene wagwayo ndi galu wakuba. Ukangokwinya nkhope pang'ono, munthu uja aona."

"Ndimaseka kale."

"Umachedwa. Anti sanaone, koma ine ndili pansi ndimamva. Umachedwa, Kulu."

Kulusumu analonjeza. Anafuna kumugwira dzanja, koma njira ya pa mlambepo inali ya anthu ambiri, ndiye anangomuchotsa kachidutswa ka chinangwa pa kolala n'kubwerera m'holo yekha.

* * *

Atamaliza kuyeserera tsiku limenelo, Latifu anamuperekeza kunyumba. Che Zubairu ndiwo analamula kuti zizitero, ndipo analola mphwawo kupitiriza zisudzo chifukwa choti mkamwini wawo wam'tsogolo anali momwemo. Latifu ankayenda kumbali ya msewu, kumutchinjiriza ku njinga za kabaza, ulemu wake wosowa pougwira. Munthu wotere ndi wovuta kumuda, ndipo Kulusumu ankalakalaka akanakhala wamwano kuti amukane ndi mtima woyera.

"Yoram ndi mphunzitsi wabwino," anatero Latifu.

"Amayesetsa."

"Wandiphunzitsa chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti munthu akhoza kumenyedwa osapwetekedwa." Anapatuka kuti njinga idutse. "Ifenso ku karate tili ndi chathu. Amatiphunzitsa kumvetsera kupuma kwa munthu. Mdani akagwira mpweya, ndiye kuti pali chimene akuopa."

Kulusumu anayang'ana kutsogolo, kumene ana ankathamangitsa tayala.

"Ndikakweza mkono, iwe umasiya kupuma," anapitiriza Latifu mofatsa. "Umayambanso Yoram akadzimenya pachifuwa. Nthawi zonse. Ndimakumva kumbuyo kwanga."

"Ndimaopa ngozi. Aliyense angaope."

"Anti Clementina saopa. Amadya mtedza."

"Inu mukufuna kunena chiyani, a Latifu?"

"Iyayi, palibe. Ine sindikonda kunena zinthu zimene sindinazione ndi maso. Ndimafuna ndione kaye."

Kunyumba anapeza Che Zubairu pakhonde, atangochoka ku swala ku mzikiti, mikanda ya tasibihi ili m'manja. Anali munthu wamfupi, woseka msanga, amene anamulera Kulusumu ngati mwana wobala yekha. Ankamugulira nsapato asanapemphe, ndipo mwina n'chifukwa chake sankaganiza kuti mwanayo angakhale ndi chofuna china chimene iwo sanachiganize.

"Ndamva kuti Loweruka muli ku Nkaya," anatero amalumewo atayankha salamu ya Latifu. "Inenso ndili ndi katundu wokasiya kumeneko. Insha Allah ndidzakhala kutsogolo, ndione mkamwini akuteteza mbumba yanga."

Anaseka okha nthabwala yawoyo. Latifu anaweramitsa mutu mwaulemu. Kulusumu analowa m'nyumba kukamasula pini ya mpango wake wa kumutu.

* * *

Loweruka kunatentha kuyambira m'mawa. Ku Nkaya anakonza bwalo pafupi ndi siteshoni, zitenje zitapachikidwa pa nsungwi kuti osewera azibisalako. Mphepo inkabwera mwa apo ndi apo, kunyamula fumbi ndi mapepala, kenaka n'kungoti zii. Anthu anadzadza, ena atakwera pa milu ya matumba, ena atatsamira njinga zawo. Che Zubairu anapatsidwa mpando kutsogolo, kofia yoyera pamutu, nsalu yawo ya paphewa atapinda bwino.

Kuseri kwa zitenje, Yoram anadutsa pafupi ndi Kulusumu akudzandira kale ngati chidakwa. "Mano onse," ananong'ona osamuyang'ana.

Sewero linayamba bwino. Yoram anali kwawo, ndipo anthu a kwawo ankamukuwira akangotsegula pakamwa. Anazungulira mjigo wa makatoni, anagwira ndowa ya Emmie, anayimba nyimbo yopanda mutu. Ngakhale Che Zubairu ankapukuta misozi ya chiseko. Kenaka Latifu anatulukira, ndipo bwalo linakhala bata lodikira.

Kulusumu anaima pamalo pake, kumbuyo kwa awiriwo. Yoram anadzutsa nkhope kufuna maso a Latifu, monga mwa lamulo. Sanawapeze. Latifu anali atacheuka pang'ono, akuyang'ana Kulusumu.

Phewa silinasunthe. Mkono sunapite m'mbuyo.

Phokoso limene linamveka linali laling'ono, ngati bango lagwa pa mchenga. Phaa uja sanamveke. Dzanja la Yoram, lija Kulusumu ankaliyang'ana masiku onse, linali lisanafike n'pachifuwa pomwe. Linangolendewera. Yoram akamagwa m'sewero ankagwera chammbali, mkono n'kutsogola kuti mutu usafike pansi. Lero mawondo anangopindika, thupi n'kutsatira, mutu n'kugunda dothi louma.

Bwalo lonse linaphulika. Anthu analumpha, ena akuimba mluzu, ena akumenya mabelu a njinga. "Mwana wathu amatha!" anakuwa mayi wina. Kugwa kokongola chotere anali asanakuonepo. Anti Clementina, kuseri kwa chitenje, anakweza chala chachikulu.

Latifu anatembenuka, natambasula mkono, nanena mawu ake a m'sewero mosaphonya ngakhale limodzi. "Tiye kwathu, mkazi wanga. Galu uyu waphunzira."

Apa m'pamene Emmie amaseka.

Kulusumu ankadziwa zonse zimene zinali pa sikelo. Amalume ake anali apo, pafupi mwakuti ankamva kununkhira kwa mafuta awo. Akanangoseka, kululutira, kugwira mkono uwo n'kulowa kuseri kwa chitenje, sewero likanatha posachedwa, ena akanamudzutsa Yoram, ndipo chinsinsi chikanadikira amayi. Yoram mwini ndi amene anamupempha. Anatsegula pakamwa, mano onse panja, monga analonjezera.

Ndiye anaona magazi. Ankatuluka pakona pa mlomo wa Yoram, mbali imene anthu sankaiona, n'kumalowa m'fumbi. Maso ake anali otseguka pang'ono, koyera kokha. Phazi limodzi linkanjenjemera lokha.

Chimene chinatuluka pakamwa pa Kulusumu sichinali chiseko.

"Yoram!"

Sananene kuti Ambrose. Anakankha mkono wa Latifu, nagwada m'fumbi, nanyamula mutu wa Yoram kuuika pamiyendo pake. Anafunafuna chopukutira, osachipeza, ndipo asanaganize n'komwe anali atasolola mpango kumutu kwake. Tsitsi limene amuna a ku Balaka anali asanalionepo linakhala poyera pamaso pa Nkaya yense. Anaupanikiza mpangowo pakamwa pa Yoram akulira. "Dzuka, wanga. Yoram, ndiyang'ane. Usandichite zimenezi."

Anthu anawombanso m'manja, poganiza kuti seweroli lakhota mwanzeru. Kuwombako kunayamba kuzilala kutsogolo, pamene Che Zubairu anaimirira. Kunazilala mzere ndi mzere mpaka kumapeto, ndipo kunatsala kulira kwa Kulusumu ndi chitenje chikukupizidwa ndi mphepo.

* * *

Anamuthira madzi kumaso, Yoram n'kutsitsimuka. Chibwano chinali chitapotoka, mawu akutuluka movutikira. Anayang'ana Kulusumu, anayang'ana tsitsi lake, kenaka anayang'ana kumene kunaima amalume. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ukanaseka," anatero.

Abale ake anamukweza pa njinga yamoto, wina atamugwirira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Kulusumu anafuna kutsatira, koma njingayo inali itanyamuka kale. Anti Clementina anali atamugwira Latifu malaya, atapsa mtima.

"Tinakuphunzitsani! Mpata wa chikhatho, tinakuuzani kangati?"

"Pepani, Anti," anatero Latifu, manja ali kumbuyo. "Anthu anachuluka, phokoso linandisokoneza. Thupi linabwerera ku zimene linazolowera. Ndipita kuchipatala ndikamupepese ndekha."

Ena anagwedeza mitu momumvetsa. Inde, munthu wa karate, dzanja limathamanga lokha. Anti nawonso anamusiya malaya aja n'kuyamba kudzitukwana okha kuti analakwa kutenga womenya weniweni. Kulusumu yekha ndi amene anaona kumene maso a Latifu anali chibakera chisanachoke, ndipo panalibe amene akanamufunsa.

Che Zubairu anabwera pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo Kulusumu akanakonda akanakalipa. Nkhope yawo inali ya munthu amene waberedwa ndi wa m'nyumba mwake. Anachotsa nsalu ya paphewa paja n'kumupatsa, maso ali kumbali.

"Funda."

Kulusumu anafunda.

"Mwana wa Akatolika uja," anatero amalumewo motsitsa. "Kuyambira liti?"

"Amalume, ndimadikira amayi kuti..."

"Ndiye kudikira kuja kunali kumeneku. Ine ndikuuza anthu aulemu wawo kuti mwana ndi wamanyazi, tiyeni timupatse nthawi." Anapukusa mutu. "Amayi ako usawadikirenso. Ukawapeza komweko. Ku Balaka subwererako, katundu wako adzakutsatira. Tigona kuno kwa mnzanga, sitima ya ku Nayuchi ikafika tikwera. Za shehe ndikalankhula ndekha tikafika."

"Mundilole ndikangomuona kuchipatala. Kamodzi kokha."

"Wamuona mokwanira. Nkaya yense ndi mboni." Anatembenukira kwa Latifu, mawu awo akuthothoka ndi manyazi. "Mwananga, zimene waonazi waziona. Ukafuna kubweza mawu ako, sindikuimba mlandu."

Latifu anawerama, natola mpango wa Kulusumu pamene unagwera. Anaukung'untha fumbi, naupinda bwinobwino, magazi a Yoram ali mkati, nauika m'thumba la malaya ake.

"Iyayi, bambo," anatero. "Mawu anga ali pomwepo. Ndikwera nanu sitimayo."

Atatero anakweza nkhope n'kumuyang'ana Kulusumu m'maso, mosathamanga, kudikira mpaka nayenso amuyang'ane, monga mmene Yoram anamuphunzitsira kuchita asanaponye.